Masiku awiri ku Spain: sankhani Seville basi

Mayi ena amene amagwira ntchito ya unamwino ku Britain anditumizira imelo. Akuti iwo ndi amuna awo apeza mpata kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu usiku, ndiye akufunsa ngati angathe kuona Madrid, Barcelona ndi Seville pa ulendo umodzi.

Mayi, musayese. Mizinda imeneyi ndi yotalikirana, masiku awiriwo angothera m'sitima ndi pabwalo la ndege. Sankhani umodzi, ndipo ine ndikuti Seville. Koma ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, dziwani kuti chitupa chokhalira ku Britain sichingakulowetseni ku Spain. Pamafunika visa ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, ndipo muyambiretu kuifunsira kudakali milungu ingapo.

Loweruka m'mawa lawirirani ku Real Alcázar, nyumba yachifumu yakale yozunguliridwa ndi mpanda, mutagula kale tikiti pa intaneti, chifukwa mzere wake umatha kukudyerani theka la m'mawa. Asilamu analamulira Seville kwa zaka zoposa 500 mpaka 1248, pamene mfumu Ferdinand III inalanda mzindawu. Patapita zaka zoposa 100, mu 1364, mfumu yachikhristu Pedro I inaitana amisiri achisilamu kuti aimangire nyumba mkati mwa mpandawo. Mukalowa, kwezani maso. Pamakoma pali zilembo zachiarabu zotamanda Pedro ngati sultani, ndipo m'munsi mwake muli matailosi ang'onoang'ono obiriwira, oyera ndi abuluu, odulidwa pamanja n'kulumikizidwa ngati nyenyezi. Apa musathamange ayi.

Tchalitchi chachikulu chili pafupi pomwepo. Nsanja yake, Giralda, poyamba inali ya mzikiti, yomalizidwa mu 1198, ndipo mabelu anaikidwa pamwamba pambuyo pake. Pokwera mumayenda panjira yotsetsereka yozungulira mkati, masitepe ndi ochepa chabe kumapeto, choncho ngakhale wa mawondo ovuta amafika. M'tchalitchimo muli manda a Christopher Columbus. Ine ndimafuna munthu wa ku Africa adziwenso ichi akamasirira kukongolako: chuma chambiri cha mzindawu chinachokera ku siliva wa ku America, ndipo pa masitepe ozungulira tchalitchichi ankagulitsirapo akapolo, ambiri a iwo ochokera ku Africa. Imani pamenepo pang'ono musanajambule chithunzi.

Za chakudya, wotchi ya mimba yanu muisinthe. Nkhomaliro amadya cha m'ma 2 koloko masana, mgonero kuyambira 9 koloko usiku. Lowani m'bala yodzaza ndi eni mzinda, muitanitse tapas, timbale ting'onoting'ono togawana. Yesani sipinachi wophika ndi tchana wothira zonunkhiritsa, komanso nsomba zokazinga. Ngati simudya nkhumba muzifunsa, chifukwa jamón, nyama ya nkhumba youmitsidwa, amamuwaza paliponse, ngakhale pamwamba pa supu. Ulemu wawo si uja wa kwathu wolandira katundu wa mlendo n'kumupatsa mpando. Amayankhula mokweza, woperekera zakudya sakusekererani kwenikweni, koma sakuthamangitsaninso. Bilu simuiona mpaka mutaipempha nokha, ngakhale mutacheza maola awiri mbale zitatha. Nthawi yochezayo muisiyire malo m'ndondomeko yanu, ndi yofunika ngati nyumba zakale zija.

Usikuwo wolokani mtsinje wa Guadalquivir mupite ku Triana, dera lodziwika ndi gule ndi nyimbo za flamenco, ndipo musankhe malo aang'ono pomwe mumamva chidendene cha wovina chikugunda thabwa. Lamlungu yendani wapansi ku Plaza de España, bwalo lomwe linamangidwira chionetsero cha 1929.

Mwezi wa July ndi wa August muupewe, kutentha kumapitirira madigiri 40. Sabata ya Pasaka ndi chikondwerero cha Feria chomwe chimatsatira n'zosangalatsa zedi, koma mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri. Pafupi ndi tchalitchi mukumana ndi amayi okupatsani kanthambi konunkhira ngati mphatso, kenako n'kufuna ndalama. Musakalandire, ingonenani kuti "no, gracias" (ayi, zikomo) n'kupitirira.