Chimene chinandiliza ine ndi attachment, osati masamu

Mng'ono wanga, poti malo wawapeza kale ku MUBAS, pita. Okuopseza kuti mechanical engineering, uinjiniya wa makina, ilibe ntchito asiye. Masamu ndi thermodynamics zimene ukuziopazo umawerenga usiku, zikakukanika umalemba supp, mayeso obwereza aja. Ine chinandiliza ndi attachment, miyezi ija amakutumiza ku kampani kukaphunzira ntchito.

Ndinali pa kampani ina mu Blantyre muno, dzina sinditchula. Nthawi imeneyo sukulu yathu inali Poly, isanasinthe dzina mu 2021. Foromani amene anandipatsa anandilandira ndi mawu akuti ana a ku Poly mumangodziwa kujambula. Panali pampu ina imene inkadya ma bearing pafupipafupi. Ukaigwira inkaotcha, ikunjenjemera, labala ya pa coupling, polumikizira mota ndi pampu, ikuperepeseka msanga. Ndinawauza mwaulemu kuti bwana, shafti ya mota ndi ya pampu sizinalunjikane, tiyeze ndi dial gauge, tiike ma shim, tizitsulo topyapyala tokwezera, pansi pa mota. Anandiseka pamaso pa ma fitter onse, ati iwo anayamba kumanga mapampu ine ndisanabadwe. Anandituma kukathira girisi, basi.

Pampu ija inafa usiku, ntchito yonse n'kuima. M'mawa anandiitanira kwa manejala ndili mu ovololo, manja ali bii. Foromani uja osaphethira n'komwe, akuti mwana wasukuluyu ndiye anaigwira komaliza. Palibe amene anandifunsa mbali yanga. Ma fitter amene anamva ndi makutu awo ndikuchenjeza anangozolika, aliyense kuteteza ntchito yake. Logbook yanga, buku lolembamo ntchito imene ndagwira, foromaniyo anakana kuisayina, ndipo popanda siginecha miyezi yonse ija inali ngati sindinapondeko. Ndinatuluka pageti misozi ili chuchuchu, n'kuyambanso kugogoda m'makampani kufuna malo ena anzanga akumaliza. Munthu wamkulu, waana ake kunyumba, kufuna kuphera tsogolo mwana wa mnzake kuti abise ulesi wake! Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Komabe iwe ukapita, udzichepetse. Usakangane ndi foromani. Ma fitter ndi ma welder ambiri anadutsa m'makoleji a zaluso ngati Soche ndi Nasawa, makina amawamva ndi khutu, ndipo akakukonda adzakuonetsa zimene m'kalasi simudzaziona pa zaka 5 zonsezo. Nyamula sipanala, sesa workshop. Koma ukaona vuto usangolinena pakamwa. Lilembe mu logbook ndi deti lake, wina asayine tsiku lomwelo, ngakhale akwiye.

Malo uyambe kufunsira msanga, usadikire sukulu ikupezere. Ku Illovo, Nchalo kapena Dwangwa, kuli ma boiler oyaka ndi zotsalira za nzimbe, ndipo nyengo yadzinja akasiya kugaya amamasula makina n'kuwakonza. Pamenepo ndiye pophunzirira. EGENCO ili ndi ma turbine pa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Blantyre Water Board imapopa madzi kuchokera ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonse uja mpaka mu mzinda, amene akufuna kudziwa mapampu apite kumeneko. AutoCAD ndi SolidWorks, mapulogalamu ojambulira makina pa kompyuta, uwaphunzire pawekha ukadali chaka chachiwiri, pa laputopu yobwereka ngati ulibe yako. Ukamaliza ukalembetse ku Malawi Engineering Institution ngati graduate engineer, ndipo upeze injiniya wolembetsedwa woti azikuyang'anira ntchito yako kuyambira pachiyambi.