Kwa mayi wa ana aakazi atatu amene mwafunsa za akazi a Henry VIII

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati muli ndi ana aakazi atatu, apongozi ayamba kukulasani ndi mawu, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zoona kuti mfumu ina ya ku England inkapha akazi chifukwa chosabereka mwana wamwamuna. Kumapeto mwafunsa kuti, kodi ndipirire?

Mwandikhudza pachilonda. Ife kwathu tinabadwa anayi, akazi okhaokha. Tsiku lomwe chitsirizira wathu anatuluka kuchipatala, azakhali anabwera ndi kaphukusi ka matewera. Atamva kuti ndi wamkazi anangoti, "Nayenso?" n'kukhala pakhonde osalowa m'nyumba. Ndinali ndi zaka 9, koma mawu amenewo ndimawamvabe. Chopweteka n'chakuti kwawo kwa amayi, kuchikamwini, mwana wamkazi ndiye mudzi. Akanakhala kumeneko bwenzi akuwaimbira nthungululu. Koma anapirira, monga anawalangizira anankungwi, mpaka bambo anakabereka mnyamata wawo kwina. Ndipo anapirirabe.

N'chifukwa chake Catherine wa ku Aragon, woyamba mwa akazi asanu ndi mmodzi a mfumu Henry VIII, ndinkamukonda kwambiri. Mwana wa mafumu a ku Spain, Ferdinand ndi Isabella, anakwatiwa ndi Arthur mu 1501, mwamunayo n'kumwalira patangotha miyezi yochepa. Mu 1509 mng'ono wake Henry anamutenga, tinene kuti analowa chokolo. Mayiyu sanali wa kukhitchini ayi. Mu 1513, Henry ali ku nkhondo ku France, ndiye anatsala akuyendetsa dziko pamene asilikali ake anagonjetsa a ku Scotland pa Flodden, mfumu yawo James IV n'kufera pomwepo. Koma zonsezo zinaiwalika chifukwa cha uchembere. Mnyamata amene anabereka mu 1511 anangokhala masiku 52. Amene anakula ndi Mary yekha, wobadwa mu 1516.

Henry atafuna kuthetsa ukwati, Papa sanavomere, Catherine nayenso anakanitsitsa. Henry anachotsa mpingo wa ku England m'manja mwa Papa, ukwati n'kuthetsedwa mu 1533. Catherine anamwalirira ku Kimbolton mu Januwale 1536, akudzitchabe mfumukazi, ataletsedwa kuonana ndi mwana wake yemwe.

Kale ndinkati kumeneko ndiye kulimba mtima. Lero, ndikamuona ndimaona amayi, ndipo ndimapsa mtima. Kupirira kumeneko anadya nako chiyani?

Odulidwa mutu anali awiri okha

Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa Henry, anabereka Elizabeth mu Seputembala 1533, kenako n'kupita padera mu Januwale 1536. Pa 19 Meyi chaka chomwecho anamudula mutu ndi lupanga ku Tower of London. Mlandu wa papepala unali chigololo ndi kuukira mfumu, osati kusowa mnyamata, koma ine simungandiuze kuti akanakhala ndi mnyamata pamsana akanamukhudza. Patangotha masiku 11 Henry anakwatira Jane Seymour. Ameneyu ndiye anabereka Edward mu Okutobala 1537, n'kumwalira ali m'chikuta, pasanathe masabata awiri. Mphoto yake ya kumvera inali imeneyo. Winayo wodulidwa mutu ndi mkazi wachisanu, Catherine Howard, mu 1542, kamtsikana chabe, nayenso pa mlandu wa chigololo.

Amene ndimamugomera tsopano ndi mkazi wachinayi, Anne wa ku Cleves. Anakwatiwa mu Januwale 1540, pofika Julaye mfumu yati sindikukufuna. Iye sanalimbane nayo. Anavomera, anapatsidwa nyumba zachifumu kuphatikizapo Richmond, n'kumatchedwa mlongo wa mfumu. Anamwalira mu 1557, ataika m'manda Henry ndi akazi ena onse asanu. Anthu amamuseka kuti anakanidwa. Aseke.

Nanga mnyamata wolirira uja? Edward anamwalira mu 1553 ali ndi zaka 15. Elizabeth, mwana wamkazi amene bambo ake anakhumudwa naye, analamulira zaka 44, mpaka 1603. Nkhaniyi ndinayesa kuwafotokozera azakhali aja atakalamba. Anangondifunsa ngati ndabwera ndi shuga.

Za funso lanu lija. Mbewu ya bambo ndiyo imachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi, apongoziwo akafunse kusikelo. Musatenge pathupi pachinayi pofuna kutseka pakamwa apongozi. Khalani pansi ndi amuna anu, awiriwiri, mumve ngati mawuwo ndi awo kapena a mayi awo. Ngati ndi awo, itanani ankhoswe, ndipo ana aja asakhale pafupi pokamba.