Kakombo wa m'dambo ndi nyika: kodi ndi chomera chimodzi?

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina kufupi ndi Bangula. Ana andifunsa ngati duwa lonunkhira labuluu lija timaliona m'dambo ndi lomwe limabereka nyika imene timadya nthawi ya njala. Nanga akatswiri amaliika m'banja liti? Mphunzitsi, Nsanje

YANKHO: Aphunzitsi, anawo afunsa bwino. Duwa limene timati kakombo ndi nyika imene amayi amazula m'matope ndi ziwalo za chomera cha mtundu umodzi. Kakombo ali pamwamba pa madzi, nyika ili pansi. Nyikayo si muzu weniweni ayi, koma tsinde lofufuma limene limasunga chakudya kuti chomeracho chidzaphukenso madzi akabwerera thamanda litauma. Mizu yeniyeni ndi timaulusi toyera tomera pa tsindelo.

Banja lake ndi Nymphaeaceae, ndipo fuko lake ndi Nymphaea. Koma m'madambo a kuno ku chigwa cha Shire, monga Elephant Marsh ndi Ndindi, simuli kakombo wa mtundu umodzi. Wabuluu wonunkhira uja ndi Nymphaea nouchali, makamaka nthambi yake yotchedwa caerulea. Amatsekula m'mawa dzuwa likakwera, n'kutseka masana, ndipo m'mphepete mwa tsamba lake ndi mosalala kapena mopindikapindika pang'ono. Woyera ndi Nymphaea lotus: iyeyu amatsekula usiku, amatseka m'mawa, tsamba lake lili ndi mano akuthwa ngati sowo, ndipo kunsi kwake mitsempha ndi yotukuka. Msodzi wolawirira m'bandakucha amapeza woyerayo ali chitsekukire pamene wabuluu akadali chitsekere.

Dzina limene lalembedwa kwambiri pa nyika ya kuno ndi la kakombo winanso, Nymphaea petersiana, potengera Wilhelm Peters, katswiri wa ku Germany amene anatola zomera ndi nyama ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840. Mabuku ena amaiika ngati nthambi chabe ya nouchali, koma akatswiri ataunika DNA yake (chimene chimasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse) anapeza kuti ili pafupi ndi gulu la lotus. Choncho mukaona mabuku awiri akusemphana pa dzinali, sikuti lina lalakwitsa kalembedwe. Ife tikuona kuti nkhani imeneyi ndi yoyenera kuuza ana, aone kuti kugawa zomera m'magulu kumasintha umboni watsopano ukapezeka.

Tengani duwa limodzi mupite nalo m'kalasi. Kunja kuli timasamba tinayi tobiriwira tokuta duwa. Kenako timasamba tamtundu tambiri, ndipo mukamalowa mkati mupeza timitengo tachikasu tonyamula mungu, tambirinso. Pa kakombo wabuluu nsonga zake ndi zabuluu. Pakati penipeni pali kambale. Tsiku loyamba kambaleko kamakhala ndi timadzi, ndipo duwa limangolandira mungu umene njuchi ndi tizilombo tina tabwera nawo kuchokera ku duwa lina. Mungu wake limautulutsa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Likatha ntchito, phesi limapindika n'kumiza chipatso m'madzi, chimakakhwimira komweko. Chikaphulika, njere zimayandama chifukwa cha kathumba kozikuta, madzi n'kuzimwaza, kenako zimamira n'kukhazikika m'matope. Dulaninso phesi la tsamba, mwana alowetse mbali imodzi m'madzi n'kuuzira inayo: thovu lituluka, chifukwa mkati muli timipaipi topititsa mpweya ku tsinde limene lili m'matope osowa mpweya. Timabowo topumira tili pamwamba pa tsamba, osati kunsi monga mmene zilili ndi zomera zambiri za kumtunda.

Chonde musatume ana kukathyola duwalo. M'madzi amenewa muli ng'ona ndi likodzo. Pemphani msodzi wa bwato akutengereni.

FUNSO: Kodi namasupuni ndi m'bale wake wa kakombo? Mlimi, Chikwawa

YANKHO: Ayi bambo. Namasupuni anachokera ku South America ndipo ali m'banja lina. Iye amayandama yense ndi mizu yomwe, pomwe kakombo amazikika m'matope. Namasupuni akaphimba dziwe, kakombo amasowa dzuwa n'kuzimirira.

FUNSO: Ndinabzala nyika m'beseni lalikulu pakhomo. Masamba akutuluka koma duwa silikubwera, ndipo madzi asanduka obiriwira. Ndalakwitsa pati? Mayi wa ku Nchalo

YANKHO: Mayi, yambani mwaona pamene mwaika besenilo. Kakombo amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposa patsiku. Pansi pa mtengo wa mango adzakupatsani masamba okhaokha. Chachiwiri ndi dothi. Gwiritsani ntchito makande kapena dothi lina lolemera, lokuya masentimita 15 mpaka 20. Manyowa aawisi ndi zinyalala zosaola zimayandama, zimaoletsa nyikayo, ndiponso ndi zimene zimadyetsa ndere zobiriwitsa madzi. Ngati mukuthira manyowa, akhale oolerana, pang'ono, ndipo aikidwe pansi pa dothi.

Pobzala, nsonga yophukira iloze kumwamba ndipo isakwiririke. Poyamba madzi akhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa dothi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mapesi akamatalika mpaka afike masentimita 30 kapena 40. Mukamiza nyika yaing'ono m'madzi akuya nthawi imodzi, imatha mphamvu masamba asanafike pamwamba. Madzi akhale odekha. Musamakhuthule beseni lonse, muzingowonjezera amene aphwera, pothira chapambali. Masamba akaphimba theka la madzi kapena kupitirira, ndere zimachepa zokha. Dulani masamba achikasu m'munsi mwa phesi asanaolere m'madzimo, ndipo ikanimo tinsomba tingapo tating'ono tizidya mphutsi za udzudzu.