Chithunzi cha pabalaza chikhale chachikulu bwanji?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti angolowa kumene m'nyumba yatsopano. Akoleka chithunzi cha ukwati wawo, cha saizi ya A4, pamwamba pa sofa ya anthu atatu, koma chikungomira m'khomamo. Funso lawo ndi lakuti agule chachikulu bwanji.

Amayi, musayambe n'kuyeza khoma. Yezani sofayo. Chithunzi chokhala pamwamba pa sofa, bedi kapena kabati chimakhala bwino m'lifupi mwake mukafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a katunduyo. Sofa ya anthu atatu kawirikawiri imakhala ya mamita awiri, ndiye inu mukufunika chinthu cha masentimita 130 mpaka 150. A4 ndi masentimita 21 kwa 30 basi. Ngakhale A1, saizi yaikulu kwambiri kuposa A4, mutaigoneka cham'mbali, imangofika masentimita 84. Yoperewerabe.

Komatu chithunzi cha ukwaticho musachitsitse. Chipezereni anzake: cha makolo, cha ana, cha tsiku lomaliza sukulu. Mafelemu asanu kapena asanu ndi limodzi, mipata ya masentimita 5 mpaka 8 pakati pawo, maso amaona ngati chinthu chimodzi chachikulu. Mukawatalikitsa kwambiri, aliyense amakhala payekhapayekha ndipo vuto lija labwereranso.

Ngati mukufunadi chimodzi chachikulu koma ndalama zili zochepa, ine ndimakonda chitenje. Uzani kalipentala akhome felemu ya masentimita 140 kwa 90, akunge nsaluyo mwamphamvu n'kuikhomerera kumbuyo. Chitenje cha mamita awiri chimakwana n'kutsalako. Mungopewa khoma lomwe dzuwa limawombapo masana, chifukwa mitundu imasuluka.

Chomwe chimandiwawa m'nyumba zambiri zimene ndalowamo ndi kukoleka zithunzi kufupi ndi denga, mlendo mpaka kupinda khosi kuti aone nkhope za eni nyumba. Pakhoma lopanda mpando, pakati pa chithunzi pakhale masentimita pafupifupi 145 kuchokera pansi. Pamwamba pa sofa, siyani masentimita 15 mpaka 25 kuchokera potsamira. Pajatu pabalaza anthu amaona zithunzi atakhala pansi.

Musanalipire aliyense, lumikizani nyuzipepala zakale zifike muyeso womwe mukuganizawo, muzimate pakhoma ndi selotepi. Khalani pampando wa kutsogolo kwake, kenako kaimeni pakhomo muyang'ane. Mukakayikira pakati pa miyeso iwiri, tengani waukuluwo. Ndipo felemu yotere ikhomereni misomali iwiri ya konkire, kuti isamapendekeke.