Funsani Dokotala: Ferret wa mwana wanga akungoonda

Adokotala, tikukhala ku Leicester, ku UK. Mwana wanga wamkazi ali ndi ferret (kanyama koweta konga kanyimbi) wamwamuna wa zaka 4. Miyezi itatu tsopano akutsegula m'mimba mwa apo ndi apo: lero chimbudzi chobiriwira chonanda, mawa chokhala ngati njere za mawere, sabata yatha chinali chakuda bii. Amakukuta mano, ndipo waonda. Ndimamumana chakudya tsiku lathunthu kuti m'mimba mupume, kenako ndimamupatsa phala la mpunga. Ndinamubenthulirakonso Flagyl amene ndinabwera naye kuchokera kumudzi. Kodi kanyama kotere kamachira, kapena ndingomuuza mwana zoona? Mayi wodandaula.

Mayi, ndikuona kuti chimene chakugwirani miyendo miyezi itatu yonseyi ndi mantha awiri: kuti dokotala akanena kuti kaphedwe ndi jakisoni, ndiponso kuti bilu yake mukachita nayo manyazi pamene abale kumudzi akudikira ya feteleza. Pa loyambalo mtima ukhale m'malo. Ma ferret ambiri a vuto la m'mimba lokhalitsa amakhala zaka ndithu akapeza chithandizo choyenera. Musamuuze kanthu mwanayo kanyamako kasanayezedwe.

Koma zopumitsa m'mimbazi zithe lero. Nzeru imeneyi tinakula nayo, ndipo kwa munthu phala limathandizadi. Ferret ndi msuweni wa kanyimbi, amadya nyama basi. Matumbo ake ndi aafupi kwambiri moti chimene wadya 8 koloko m'mawa chimakhala chatuluka pofika masana, maola atatu kapena anayi okha. Ndiye mukamumana chakudya tsiku lonse, mukupumitsa chiyani? M'mimba munali kale mbee. Mukungowonjezera njala pa kanyama koonda kale. Choopsa china n'chakuti ferret akapitirira zaka 3 sachedwa kukhala ndi chotupa chotchedwa insulinoma chimene chimagwetsa shuga m'magazi. Woteroyo mukamugoneka ndi njala mungamupeze ali kwala, dovu lili chuchuchu, mwinanso akuphupha. Phala lotsekemera likamukweza shuga pang'ono, amagwanso kuposa poyamba. Mpunga, mkaka, nthochi, zonsezi thupi lake siligaya bwino. Mupatseni chakudya cha nyama chofewa, pang'onopang'ono, maola atatu kapena anayi alionse.

Za Flagyl wa m'sutikesi, ndikudziwa kuti nyumba zambiri za kwathu kuno zili naye. Piritsilo analipangira munthu wa makilogalamu 60, pamene ferret wanu mwina sakufika ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Kubenthula ndi chikhadabo si muyezo. Akachuluka amasokoneza mitsempha, kanyama n'kumadzandira, komanso amatha kubisa tizilombo timene dokotala akanationa m'chimbudzi. Ibuprofen ndi Panado ndiye musayerekeze n'komwe, angakaphe.

Chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chimbudzi chakudacho. Chakuda ngati phula kawirikawiri ndi magazi ogayika ochokera m'chifu, ndipo kukukuta mano ndi mmene ferret amaonetsera kuti m'mimba mukupweteka. Ziwirizi zikakumana timaganizira zilonda za m'mimba, zimene nthawi zambiri zimayenda ndi bakiteriya wa Helicobacter mustelae. Chonga mawerecho chikusonyeza kuti chakudya chikungodutsa osayamwika. Kumbuyo kwake kungakhale kutupa kwa matumbo kokhalitsa, kumene madokotala amati IBD, kapena mabala amene kachilombo ka corona ka ma ferret kanasiya, kachidutswa ka labala kapena ubweya wounjikana m'chifu, mwinanso khansa ya lymphoma. Zonsezi zimaoneka mofanana m'bokosi la chimbudzi, nanga ine ndingazisiyanitse bwanji pa kalata?

Imbani foni ku chipatala cha ziweto lero lomwe, osati malipiro akalowa. Funsani ngati ali ndi dokotala wozolowera ma ferret, amene kuno amati exotics vet. Tsamba la pa intaneti lofufuzira madokotala a ziweto la RCVS, bungwe lowayang'anira kuno ku UK, lingakuthandizeni. Tengani chimbudzi chatsopano m'kabotolo, zithunzi za masiku apitawa pa foni, paketi ya chakudya chake, ndi Flagyl yemweyo, munene mosabisa kuti munapereka kangati. Adzayeza chimbudzi, magazi ndi shuga, kenako mwina kujambula m'mimba. IBD ndi lymphoma zimasiyanitsidwa bwinobwino podula kachidutswa ka thumbo kanyama katagonetsedwa, ndipo apa m'pamene ndalama zimakwera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: funsani mtengo asanayambe, muwauze zimene mungakwanitse. Nthawi zambiri amatha kuyamba ndi mankhwala a zilonda kwa masabata awiri kapena atatu n'kusintha chakudya, opaleshoni n'kudzaiganizira zikakanika. Akatchula prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kambiranani kaye za kudula kachidutswa kaja, chifukwa mankhwalawa akayambika amatha kubisa lymphoma.

Ikakhala IBD, sichira n'kuiwalika, imabwerabwera. Ntchito yoyeza kulemera sabata iliyonse pa sikelo ya kukhitchini mumupatse mwana wanuyo, azilemba m'kope, ndipo apite nawo kwa dokotala chifukwa ndi iye akudziwa tsiku limene kanayamba kukana kudya. Kakangosiyiratu kudya, kusanza, kapena nkhama kuyera, musadikire tsiku limene akupatsani. Pitani usiku womwewo.