Timu imodzi imandiphera tikiti: kodi makampani obetcha amatibera?

Wowerenga wina watitumizira imelo iyi: "Ndimasankha matimu 8 akuluakulu, iliyonse ma odds ake 1.30 kapena chapompo. Matimu 7 amawina, imodzi n'kundiphera tikiti. Kodi makampaniwa amakonzeratu masewero? Ndifotokozereni momwe kubetcha kumayendera, komanso mitundu yake imene ndimaiona pa foni, chifukwa ina sindiimvetsa."

Achimwene, kampani yobetcha siifunikira kukonza masewero kuti idye ndalama yanu. Phindu lake ili nalo kale mu nambala imene mumaiona pambali pa dzina la timu, mpira usanayambe n'komwe. Tiyambire pamenepo.

Odds ndi mtengo. Mukabetcha 1,000 pa 2.10 n'kuwina, mumalandira 2,100, ndipo mkati mwake muli 1,000 yanu ija, ndiye kuti phindu ndi 1,100. Ku Britain amakonda kulemba 5/2, ku United States +250, koma zonsezi ndi 3.50 yomweyo. Nambalayi imanenanso mwayi umene kampani ikuipatsa timuyo. Gawani 100 ndi odds: 2.10 ikupereka 47.6 peresenti, 3.40 ikupereka 29.4, 3.60 ikupereka 27.8. Tinene kuti mitengo itatuyi ndi ya masewero amodzi, woyamba wa eni bwalo, wachiwiri wa kufanana mphamvu, wachitatu wa alendo. Mukaphatikiza mupeza 104.8, chikhalirecho zinthu zonse zimene zingachitike pa masewerowo zimayenera kukwana 100 ndendende. Yapamwambayo, 4.8, ndiye gawo la kampani. Awine eni bwalo, awine alendo, gawolo limakhala litadulidwa kale pa mtengo uliwonse.

Chitsanzo chosavuta ndi cha zinthu ziwiri zofanana mwayi. Mtengo wachilungamo ndi 2.00 uku, 2.00 uko. Kampani imaika 1.90 mbali zonse. Pa mtengo umenewu, munthu amene amalosera bwino theka la mabetcha ake amangobwezeredwa 95 pa 100 iliyonse, ndipo kuti asaluze ayenera kulondola pafupifupi 53 pa mabetcha 100.

Tsopano tikiti yanu ija. Mukaika matimu angapo pa tikiti imodzi, imene ena amati multibet ena accumulator, ma odds amachulukitsidwa: 1.30 kuichulukitsa ka 8 imafika 8.16. N'zokopa ndithu. Vuto n'lakuti gawo la kampani nalonso limachulukitsidwa. Timu ya 1.30, tikachotsa gawolo, mwayi wake weniweni uli cha pa 73 peresenti. Kuti onse 8 awine tsiku limodzi, mwayi umatsika kufika pa 8 peresenti, kutanthauza tikiti imodzi pa matikiti 12. Nanga kuti awine 7, imodzi igwe? Pamenepo mwayi ndi 24 peresenti. Chimene chikukupwetekani mtimacho chimachitika katatu kuposa kuwina, popanda munthu kuika dzanja. Ndipo pa 100 iliyonse imene mumaika pa matikiti otere, imene imabwerera pakapita nthawi ndi 66 yokha, pomwe pa timu imodzi ikanakhala 95. N'chifukwa chake makampani amaitanira kwambiri ma multibet, mpaka kuikapo mabonasi.

Timu yaikulu imagwa ndithu. Pa World Cup ya 2022 ku Qatar, Saudi Arabia inagonjetsa Argentina 2-1, Argentina yomweyo imene inadzatenga chikhocho.

Za mitundu ya kubetcha. Wodziwika kwambiri ndi 1X2: 1 ndi eni bwalo, X ndi kufanana mphamvu, 2 ndi alendo. Apa ambiri amapsa chifukwa chosawerenga malamulo. Kubetcha kumeneku kumawerengera mphindi 90 pamodzi ndi zimene oyimbira awonjezera kumapeto kwa chigawo chilichonse, basi. Mphindi 30 zowonjezera ndi mapenate sizilowamo. Fainolo ya World Cup ya 2022 inatha 2-2 pa mphindi 90, kenako 3-3, Argentina n'kuposa France 4-2 pa mapenate. Amene anabetcha Argentina pa 1X2 analuza pomwe timu yawo ikunyamula chikho, ndipo anadya ndi amene anasankha X. Ngati mukufuna timu imene ipitirire m'mpikisano wachipulula, sankhani pamene alemba to qualify.

Double chance imakupatsani ziwiri mwa zitatu zija, monga 1X, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Draw no bet imakubwezerani ndalama yanu matimu akafanana mphamvu. Over ndi under zimayang'ana kuchuluka kwa zigoli za matimu onse awiri: over 2.5 imafuna zigoli zitatu kapena kuposa, under 2.5 imafuna ziwiri kapena kuchepera. Theka lija amaliikapo dala kuti pasakhale chigoli chogwera pa mzere penipeni. GG imafuna kuti matimu onse awiri amwetse, kaya awina ndani. Correct score ndi kulosera zigoli zenizeni, monga 2-1. Mitengo yake imaoneka yonona, koma zotheka ndi zambiri ndipo gawo la kampani pamenepa limakhala lalikulu kuposa pa 1X2.

Handicap ndiyo imasokoneza anthu ambiri, choncho tiimepo pang'ono. Kampani imalanda timu yamphamvu zigoli masewero asanayambe. Pa Asian handicap, mukasankha timu pa -1.5, iyenera kupambana ndi zigoli ziwiri kapena kuposa. Pa -1, ikapambana ndi ziwiri mwawina, ikapambana ndi chimodzi chokha ndalama yanu imabwerera. Pa -0.25 ndalama yanu imagawidwa pakati, theka pa 0 (imabwerera matimu akafanana mphamvu), theka pa -0.5 (timuyo iyenera kupambana). Mwaika 1,000, masewero atha 1-1: 500 imabwerera, 500 yapita. Musaisokoneze ndi European handicap, imene ili ndi zosankha zitatu. Kumeneko -1 pa timu imene yapambana 1-0 ndi kuluza, chifukwa zigoli zimawerengedwa ngati zafanana ndipo amadya ndi amene anasankha X. Nambala ndi yomweyo, malamulo ndi osiyana, choncho yang'anani mutu wake musanadine.

Palinso outright, kubetcha timu imene idzatenge ligi kapena chikho. Anthu amakumbukira Leicester City, imene inali pa 5000/1 (phindu la 5,000 pa 1 iliyonse) n'kutenga Premier League ya 2015/16. Timaikumbukira chifukwa zoterezi n'zosowa kwambiri, ndipo ndalama ya outright imamangika miyezi yambiri.

Kubetcha mpira uli mkati kuli ndi msampha wake. Zithunzi za pa TV kapena pa intaneti zimachedwa ndi masekondi angapo, pomwe kampani imalandira uthenga wa ku bwalo mwachangu. N'chifukwa chake mumaona kuti atseka kaye kubetcha chigoli musanachione. Nayonso cash out, yokupatsani mwayi wotenga ndalama masewero asanathe, imawerengedwa pa mitengo ya nthawi imeneyo, ndipo kampani imadulapo gawo lake kachiwiri. Masewero akalephereka, nthawi zambiri amawerengedwa pa 1.00 ndipo tikiti yonse imapitirira, koma nthawi yodikira imasiyana kampani ndi kampani.

Ngati mupitirize kubetcha, malangizo athu ndi awa. Chepetsani matimu pa tikiti, imodzi kapena ziwiri. Patulani ndalama ya mwezi imene ikapita simusowa tulo, ndipo pa betcha imodzi musaike zoposa 1 kapena 2 pa 100 ya ndalamayo. Lembani betcha iliyonse, yowina ndi yoluza, chifukwa mutu umasunga tikiti yaikulu imodzi n'kuiwala makumi ang'onoang'ono amene anapita. Chimene chimagwetsa anthu kwenikweni ndi kuthamangitsa ndalama yoluza. Munthu waluza 1,000, aika 2,000, kenako 4,000. Akaluza ka 7 motsatizana amakhala ataya 127,000, ndipo betcha yotsatira ikufuna 128,000. Mukaona kuti mwayamba kukongola kapena kubisira a pabanja panu, gwiritsani ntchito batani loika malire a ndalama kapena lodzitsekera akaunti, limene makampani ambiri ovomerezeka ali nalo, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira.

Kukonza masewero kumachitikadi nthawi zina, ndipo osewera ogwidwa amaletsedwa kusewera. Koma amene amagulitsa "masewero okonzedwa" pa WhatsApp kapena Telegram ndi akuba. Amauza gulu lina 1, lina X, lina 2. Gulu limodzi liwina basi, ndipo limenelo amaliuza kuti lilipire zochuluka pa masewero otsatira.