Kufufuta hard disk ya laputopu yakale n'kuigawanso: yankho kwa aphunzitsi a ku Ulongwe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndaifupikitsa pang'ono: "Ndinagula laputopu yakale ya HP kwa munthu wina mu mzinda wa Tete. Ili ndi Windows 7, hard disk ya 320 GB ndi RAM ya 2 GB. Gawo la C ndi laling'ono, ladzaza mpaka mzere wake wafiira, pomwe mu D muli zithunzi, nyimbo ndi makalata a mwini wake woyamba. Ndikufuna kufufuta zonse n'kugawanso disikiyi, koma ndikati ndifomate C kompyuta ikukana. Kodi yawonongeka?"

Aphunzitsi, mtima pansi, siinawonongeke. Windows imakhala pa C pomwepo, ndiye singadzifufute yokha ili mkati mogwira ntchito. Kuti C achoke, kompyutayo iyenera kuyaka kuchokera kwina, pa fulashi kapena pa DVD. Tifikako.

Choyamba ndikufuna mumvetse chimene chimachitika munthu akafufuta gawo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalirira. Taganizani za munda wa banja umene anaugawira ana n'kukhoma zikhomo m'malire. Kumayambiriro kwa disiki kuli kamalo kolembapo malirewo: gawo ili layambira apa, lathera apa. Mukafufuta gawo (partition) mwazula zikhomo zokha, chimanga chidakali m'mundamo. Windows imangowaona malowo ngati opanda mwini, ndipo imalembapo zina ikawafuna. Ndiye zithunzi za mwini woyamba uja sizichoka ndi kufufuta wamba kapena ndi quick format; munthu wokhala ndi pulogalamu ngati Recuva kapena PhotoRec atha kuzibweza. Ubwino wake ndi wakuti mukafufuta gawo lolakwika, n'kuzimitsa kompyuta nthawi yomweyo osalembapo kalikonse, pulogalamu ya TestDisk nthawi zambiri imapezanso malire aja.

Pali njira yachidule ngati vuto lanu ndi kuchepa kwa C basi. Dinani kiyi ya Windows ndi R, lembani diskmgmt.msc, fufutani D, kenako dinani C ndi batani lakumanja la mbewa musankhe Extend Volume. Zimatheka pokhapokha malo opanda kanthuwo agundizana ndi C kudzanja lamanja. Ngati D atafufutidwa malowo akuoneka obiriwira, ndiye kuti anali mkati mwa extended partition, gawo losunga magawo ena mkati mwake. Fufutaninso obiriwirawo mpaka ade. Koma ine sindikulangizani njira imeneyi. Makina odutsa m'manja mwa wina amabwera ndi mavairasi, mapulogalamu osadziwika ndi mapasiwedi a eni ake. Inu musungamo magiredi a ana ndi mayeso. Yambani poyera.

Musanakhudze chilichonse, imbirani amene anakugulitsaniwo muwafunse ngati zithunzi zawo ali nazo kwina. Zingakhale za ukwati, kapena za mayi awo amene anatisiya. Zanu nazonso koperani pa fulashi, ndipo mukakopera zitseguleni pa kompyuta ina muone ngati zikutsegukadi. Kumbukirani kuti fulashi yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB.

Kenako imvetsereni disikiyo. Ikani khutu pafupi ndi pamene mumatsamiritsa dzanja polemba. Disiki yabwino imangoti siii chapansipansi. Mukamva "tiki, tiki, tiki" mobwerezabwereza, kompyuta n'kuima kaye, imeneyo ili paulendo. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imadzilembera yokha za thanzi lake. Ikaonetsa chikasu kapena kufiira, musataye tsiku lanu kugawa disiki yakufa. Makina amene akhala m'kutentha ndi fumbi la ku Tete ndi Moatize amakhala atavutika, si ngati a kwanu kumapiri kozizira. Zikatero ndalama zanu ziponyeni pa SSD, disiki ya masiku ano yopanda zozungulira mkati, ngakhale ya 120 GB. Palibe china chimene chimapatsa liwiro laputopu yakale kuposa chimenechi.

Tembenuzani laputopuyo. Pansi pake, kapena m'malo mokhala batire, pamakhala kasitika ka Microsoft kolembedwa kiyi ya zilembo ndi manambala 25. Kambiri kamakhala kofufutika ndi thukuta la pamiyendo, ndiye kajambuleni ndi foni kadakawerengeka, mulembenso m'kope. Onaninso mtundu wa Windows wolembedwapo, chifukwa kiyi ya Home Premium siitsegula Professional. Ndipo mudakali ndi Windows yoyenda, koperani ma driver (timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo) a Wi-Fi ndi a netiweki a mtundu wa laputopu yanu muwasunge pa fulashi. Windows 7 yatsopano kawirikawiri imadzuka isakudziwa Wi-Fi, ndipo popanda intaneti simungakopere driver wa intanetiyo. Ambiri amakakamira pomwepa.

Fulashi yoyatsira ikhale ya 8 GB, ndipo zonse zimene zilimo zifufutika. Ikonzeni ndi pulogalamu ya Rufus, imene imaika mafayilo oikira Windows pa fulashi, ndipo pa Partition scheme musankhe MBR osati GPT; ziwirizi ndi njira zolembera malire a magawo pa disiki. Kompyuta za nthawi imeneyo zambiri zimayendera BIOS, pulogalamu yakale yoyatsira makina, imene imayatsa Windows kuchokera pa disiki ya MBR. GPT ndi ya makina atsopano a UEFI, imene inalowa m'malo mwa BIOS. MBR ili ndi malire ake, magawo akuluakulu anayi okha ndi kukula kosapitirira 2 TB, koma pa 320 GB zimenezi sizikukhudzani. Mafayilo a Windows amadya mamega ambiri. Ngati kusukulu kapena kwa mnzanu kuli kale DVD yoyenera, gwiritsani ntchito imeneyo.

Sankhani tsiku. Batire la laputopu yotere mwina silisunganso moto, choncho onani kuti mu mita ya magetsi olipiriratu ya Credelec muli magetsi okwanira, ndipo musayambe mitambo ya mvula itachita bii. Magetsi akathima ntchito ili pakati mudzayambanso pachiyambi.

Lowetsani fulashi, yatsani, ndipo dinani F9 msangamsanga. Pa HP ndiyo imabweretsa mndandanda wa poyatsira, pa Dell ndi F12. Sankhani USB. Mukafika pofunsa mtundu wa kuika, sankhani Custom, osati Upgrade. Ngati Windows yanu ndi ya Chipwitikizi mudzaona Personalizada. Mudzaona magawo onse ali pamndandanda, ena aang'ono amene simunawaonepo, monga System Reserved ndi Recovery. La Recovery lija ndi limene HP inaikamo Windows ya kufakitale. Likapita lapita, n'chifukwa chake ndati musunge kiyi.

Mukhoza kuwafufuta limodzilimodzi pansi pa Drive options, koma poti mukufuna za mwini woyamba zitheretu, chitani izi. Dinani Shift ndi F10, patuluka windo lakuda. Lembani diskpart, kenako list disk. Apa chepetsani liwiro, werengani kawiri. Disiki yanu ioneka ngati 298 GB, osati 320, ndipo palibe amene wakuberani: opanga amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024. Kafulashi kanu kaonekanso pamndandandawo ndi 7 GB yake. Onani nambala ya disiki yaikuluyo, nthawi zambiri ndi 0, mulembe select disk 0. Lembaninso list disk muone ngati kanyenyezi kali pamzere woyenera. Diskpart sifunsa ngati mwatsimikiza. Ngati pali hard disk ina yakunja imene mwasungamo zinthu, izuleni musanayambe n'komwe.

Lamulo la clean limachotsa malire m'masekondi ochepa. La clean all limalemba ziro pa disiki yonse, ndipo limatenga ola kapena kupitirira, sikirini osaonetsa kanthu. Musaganize kuti yafa. Isiyeni, kadyeni nsima. Kwa inu ndikuti clean all. Ngati mwagula SSD yatsopano, zimenezi n'zosafunika. Ikamaliza lembani exit, tsekani windolo, dinani Refresh, ndipo muona mzere umodzi wokha wa malo osagawidwa.

Tsopano kugawa. Dinani New. Bokosi limafuna ma MB, ndiye pa 100 GB lembani 102400. Windows idzipatulira kagawo ka 100 MB ka System Reserved, kasiyeni. Otsalawo, pafupifupi 198 GB, apangeni gawo lachiwiri. Magawo awiri akwana. Ndimaona makina ogawidwa kasanu, la nyimbo, la mafilimu, la ntchito, ndipo mapeto ake lina limadzaza lina lili mbee. Mafoda amagwira ntchito imeneyo bwino. Mupatse C malo okwanira, poti vuto limene mwabwera nalo linayamba ndi munthu amene anamumana. Sankhani gawo la 100 GB lija, dinani Next. Kompyuta ikadzizimitsa n'kuyakanso koyamba, zulani fulashi kuti isayambirenso. D mukamufomate mu NTFS Windows ikatha kulowa.

Phindu la D ndi lakuti tsiku lina Windows ikadzasokonekera mudzafomata C yekha, ntchito zanu zili phee. Koma C ndi D ali pa chitsulo chimodzi. Disiki ikafa, kapena laputopu ikabedwa, apita onse. Magiredi ndi mapulani a maphunziro azikhalanso pa fulashi kapena mu imelo yanu.

Latsala funso limene simunafunse: muikemo chiyani? Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Chrome inalekezera pa nambala 109 pa Windows imeneyo. Windows 10 imalowa pa RAM ya 2 GB koma imayenda mokwawa, nayonso nthawi yake inatha mu Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi RAM ya 4 GB, ndiye iiwaleni. Ngati laputopuyi ndi yolembera mayeso ndi kusindikiza, osalowa pa intaneti kawirikawiri, Windows 7 ikutumikirani ndithu. Ingosamalani ndi mafulashi ochokera kumalo osindikizira, ndiwo amanyamula mavairasi. Ngati muzilowa nayo mu imelo ndi ku banki, ine ndingaikemo Linux m'malo mwa Windows, monga Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce. Ndi zaulere, zimalandirabe chitetezo, zili m'Chipwitikizi, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Zatsopano zake zimafuna purosesa ya 64-bit, monga Core 2 Duo. Mukhoza kuziyesa pa fulashi osakhudza disiki, muone ngati Wi-Fi ndi pulinta yakusukulu zikugwira, ndipo pulogalamu yake yoikira imafufuta n'kugawa disiki yokha.

Nditumizireni nambala ya mtundu wa laputopuyo, yolembedwa pa sitika ya pansi, ndikuuzeni ngati ingalandire RAM ya 4 GB komanso ma driver oyenera kukopera.